Chithunzi cha Dzanja Lamanzere

A Dingani Sakala anali munthu wolemba zikwangwani. Kuyambira ku Kabwata, kudzera ku Chilenje mpaka ku Kamwala, dzanja lawo linali pa makoma a mabutchala, pa zitseko za atelala ndi kumbuyo kwa maminibasi. Ankajambula nkhuku yonenepa pakhomo la munthu wogulitsa nkhuku zoonda, anthu n'kumalowa. Sitiroko itawagwira inatenga dzanja lamanja lija, mwendo wa mbali yomweyo, ndi mawu onse m'kamwa kupatula amodzi. Mawu otsalawo anali akuti "Chabwino." Ukawafunsa ngati akhuta, chabwino. Ukawafunsa ngati tiyi wawawotcha, chabwino. Tsiku lina anagwa m'bafa n'kuchekeka pachipumi, magazi ali chuchuchu, ndipo atawadzutsa anati chabwino.

Amene anawatenga ndi mwana wawo woyamba, Agness, mphunzitsi wa pulayimale ku Chilenje, mayi wamasiye wokhala m'fulati ya pamwamba ku Kabwata. Panalibe msonkhano wa banja umene unamusankha. Anangopezeka kuti ndiye anali kuchipatala tsiku lowatulutsa, ndipo watakisi anafunsa kolowera.

Kuyambira pamenepo moyo wa Agness unali wonyamula. M'mawa ankawadzutsa, kuwaveka, kuwamwetsa mankhwala, kuwakhazika pa mpando wa pazenera, ndiyeno n'kuthamangira minibasi. Masana neba ankawasuzumira. Tsiku lopita ku kiliniki ankawatsitsa masitepe atawakoleka paphewa, sitepe imodzi, kupuma, ina, kupuma. Koma cholemera kuposa zonse chinali madzi osamba. Kwathu mwana wamkazi sasambitsa bambo wake, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Mkulu wina wa mpingo ankabwera kudzathandiza akapeza mpata, koma mpata wa munthu wina suwerengeredwa. Masiku ena onse Agness ankawasambitsa yekha, iye akuyang'ana khoma ili, bambo ake akuyang'ana khoma linalo. Akatuluka m'bafamo sankayang'anana mpaka tiyi atatha.

Mwana wamwamuna analipo. Thandazani, mlongo wake wa Agness, anabadwira mu Lusaka momwemo, ndipo ankagulitsa matayala a magalimoto akuluakulu. Ankakhala ku Kabulonga ndi mkazi wake Pearl, m'nyumba ya mpanda wautali yokhala ndi zipinda zapansi zosagonamo munthu. Zipindazo zinali ndi mavuto ake. Matailosi ake anali oterera, agalu sankadziwa alendo, ndipo wantchito anali wamanyazi. Choncho Thandazani ankabwera Lamlungu akaweruka ku tchalitchi, atanyamula maapulo amene bambo ake sankatha kutafuna. Ankakhala pang'ono, kuwasisita phewa, n'kumuuza Agness kuti ndi mkazi wolimba kwambiri.

Za penti anayambitsa ndi mayi wa ku kiliniki amene ankawongola a Sakala mwendo. Anati dzanja lamanzere lisamangokhala, lipatsidwe chochita. Agness anafukula zitini zakale pansi pa bedi, zina zitauma gwa, napeza chidutswa cha bolodi ya siling'i chimene chinatsala atakonza denga. A Sakala anaiyang'ana bolodiyo masiku angapo osaikhudza. Kenako anayamba, ndipo anajambula nyengo yonse yozizira, lilime lili pakona ya mlomo, penti ikudonthera pa thalauza. Dzanja lamanzere silinali mmisiri. Mizere yake inkanjenjemera, koma chimene linkajambula chinkaoneka.

Unali mudzi. Unali kutali ndithu, pamwamba pa bolodi, tinyumba taudzu, nkhokwe ziwiri ndi mtengo wa mango, kumbuyo kwake phiri lofiirira la kwawo ku Chadiza. Kuchokera m'mudzimo kanjira kankatsika pakati pa minda yokololedwa kale mpaka pamsewu wafumbi. Pamsewupo panali anthu ataima pamzere, akulu ndi ana, ena atakweza manja. Mayi mmodzi yekha ndiye anali atatembenuka, nkhope kumudzi, msana kwa woyang'ana. Kumwamba kunalibe buluu, kunali kotuwa ngati phulusa. Kuzungulira chithunzi chonse a Sakala anapaka mkombero wakuda, wonenepa, wopindika m'makona. Ndipo pansi, kudzanja lamanja, panali chinthu chobulungira, chofiirira, chimene chinaphimba mbali ya mkombero uja.

Lamlungu lina Thandazani anachiona chithunzicho chitatsamira khoma, naima ndi maapulo ake m'manja.

"Ba sisi, mwachiona bwino ichi?" anafunsa.

"Nichiona masiku onse. Ndine nimakolopa penti," anayankha Agness.

Pearl, amene nyumba yake inali ndi zithunzi zogula za azimayi osenza mitsuko, anapendeketsa mutu nati chithunzicho chinali cha mtendere. Anati munthu ukachiyang'ana mtima umakhala pansi, kulibe phokoso, kulibe mamotoka. Thandazani sanafune za mtendere. Iye anali ataona uthenga.

"Onani aba bantu," anatero, chala chili pa bolodi. "Baimilila pa msewu, manja m'mwamba. Balindila ndani? Balindila ba tate. Ba tate sibangakambe, manje bakamba na penti. Bafuna kuyenda kumunzi."

"Nanga uyu mzimai wamene wapatsa msana?" anafunsa Agness.

"Athamangila kugwila nkhuku. Mlendo akabwela sibamapaya nkhuku?"

"Nanga ichi chakuda chozungulila?"

"Ni fulemu. Ba tate ni bakale, sibafuna kuononga ndalama pa fulemu. Na ichi cha pansi ni chipanda cha thobwa, cholandilila mlendo."

Zonse zinali ndi yankho. Thandazani anagwada patsogolo pa bambo ake, nalankhula mokweza monga amachitira anthu kwa wodwala amene makutu ake ali bwinobwino. Anawafunsa ngati akufuna kupita kwawo. A Sakala anamuyang'ana, nayang'ana Agness, mlomo ukugwedera.

"Chabwino," anatero.

Agness ankadziwa kulemera kwa mawu amenewo kuposa wina aliyense. Anali atawamva bambo ake ali pansi m'bafa. Ankadziwanso kuti a Sakala anachoka ku Chadiza ali mnyamata wa mwana mmodzi, ndipo ankabwererako pa maliro pokha, n'kufulumira kubwerera. Mayi ake a Agness, amene tsopano anagona m'manda a mu Lusaka momwemo, ankakonda kusimba za ulendo woyambawo. Ankati Agness anali kamwana kongoyamba kuyenda, makutu atangobooledwa kumene, ndipo anakhala pamiyendo pa bambo ake njira yonse n'kuwasanzira thalauza lawo limodzi lomwelo asanawoloke Luangwa. Kiliniki ya a Sakala inali kuno, mankhwala awo kuno, manda a mkazi wawo kuno. Zonsezi Agness akanatha kunena.

Sananene. Anayang'ana chithunzicho, ndipo chimene iye anaona ndi manja. Manja ambirimbiri, okwezedwa, opanda chonyamula, ena mwa iwo aamuna. Anaganiza za adzukulu ndi ana a alongo awo a bambo ake, anyamata amphamvu amene angamunyamule mkuluyo popanda kupuma, amene angamusambitse popanda wina kuyang'ana khoma. Anali atatopa kutopa kumene tulo sitichotsa. Ankafuna kuti Thandazani akhale kuti akunena zoona, ndipo munthu akafuna chotero maso ake amamuthandiza.

"Kapena ni zoona," anatero.

Zinthu zimene zinkakanika kwa miyezi zinayenda msanga. Thandazani, amene sankapeza nthawi yobwera pakati pa sabata, anaimba mafoni, nakonza zonse. Anaitanitsa azakhali awo, a Tikambenji, mlongo wawo wa a Sakala, kuti abwere kudzawatenga. Anafika mayi wokalamba, wowonda, wa maso ofooka, amene anangoti, "Ngati ana mwagwirizana, ine ndingakane bwanji mlongo wanga?" Anagona pa mphasa m'chipinda cha Agness, ndipo sanafunse zambiri.

Tsiku lolongedza, a Sakala anakhala pa mpando wawo akuyang'ana malaya awo akulowa m'chikwama. Sanachite chilichonse mpaka pamene Thandazani ananyamula chithunzi chija, nati akachipachika pabalaza ku Kabulonga kuti azikumbukira. Pamenepo dzanja lamanzere linatambasuka n'kugwira m'mphepete mwa bolodi. Thandazani anakoka pang'ono, dzanjalo silinasiye. Anaseka, nati ba tate afuna kukaonetsa anthu akumudzi. Agness anachikulunga m'chitenje chakale, ndipo a Sakala anachifungatira pachifuwa.

M'mawa mwake anapita ku siteshoni ya mabasi akuluakulu m'tauni. Kunali monga kumakhalira, utsi wa dizilo, anyamata oitanira akukokerana zikwama, azimayi ogulitsa mazira owiritsa, wolalikira akupikisana ndi hutala. Amuna awiri anathandiza kukweza a Sakala m'basi ya ku Chipata n'kuwakhazika pampando wa pazenera. A Tikambenji anatsikanso kuti akagule buledi, poti munthu sachoka ku Lusaka n'kukafika kumudzi chimanjamanja. Agness anakhala pampando wawo podikira. Anakonza kolala ya bambo ake, naika mankhwala a masana m'thumba la jekete, nawafunditsa miyendo. Zochita zitatha, analibe poyang'ana, ndiye anayang'ana pazenera.

Pansi apo panaima Thandazani. Atamuona Agness anakweza dzanja, nalisiya m'mwamba, akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene katundu wake wakwera kale. Pambali pake panali anthu ena operekeza abale awo, nawonso manja m'mwamba, opanda chonyamula. Pearl anali atatembenuka kale, mpango uli pamphuno chifukwa cha utsi, akuyang'ana kumene anasiya galimoto. Onsewo Agness ankawaona ali mkati mwa mphira wakuda wa zenera la basi, wonenepa, wopindika m'makona.

Kenako anatenga bolodi pamiyendo pa bambo ake, ndipo iwo anamulola. Anamasula chitenje, naimika chithunzicho pafupi ndi zenera.

Sinali fulemu. Bambo ake anajambula mudzi wawo monga anauonera ali m'basi. Ndipo Agness, amene anakula akupita ku Chadiza pa maliro, anadzifunsa kuti ndi liti anthu a kwawo anayamba kulandirira mlendo kumsewu ataima pamzere. Masiku amenewo panalibe foni, palibe ankadziwa tsiku limene basi ikutsitsa munthu. Mlendo ankatsika yekha, n'kuyamba kanjira, ndipo ana akamuona ankathamanga kudzamulanda katundu. Kumsewu anthu amapita onse pamodzi akamaperekeza. Amanyamula katundu wako mpaka pamenepo, kumukweza, ndiyeno n'kutsala manja ali okha. M'chithunzimo palibe ankathamanga. Mayi wotembenuka uja sankathamangira nkhuku. Dzanja lake linali kumaso, litagwira nsonga ya chitenje.

Anatsitsa maso kufika pa chipanda cha thobwa chija. Chinali chitaphimba mkombero wakuda, ndiye kuti chinali mkati mwa basi, mbali ino ya galasi. Chinali ndi kadontho kotuluka m'mbali, ndipo pa kadonthopo panali kamzere kofiira, kakang'ono, kopakidwa mosamala kuposa china chilichonse pa bolodi yonseyo. Agness anali atakaona kambirimbiri pokolopa, n'kumayesa penti yodontha. Kanali kaulusi kamene amamanga pakhutu la mwana akangomuboola. Chipandacho chinali mutu wa mwana, woonedwa kuchokera kumbuyo ndi munthu amene wamukhazika pamiyendo.

Anadzigwira khutu osadziwa.

"Atate," anatero motsitsa, m'chinenero cha kwawo chimene ankalankhula nawo ali mwana, "uyu ndine?"

"Chabwino," anatero a Sakala. Mawuwo anali omwewo a masiku onse, ndipo sanatanthauze kanthu. Koma dzanja lamanzere, la penti m'zikhadabo, linakwera pang'onopang'ono n'kukhala pamutu pa Agness, pamwamba pa wigi yake ya kusukulu, n'kukhala pomwepo.

Agness sanasangalale. Zimenezo tinene poyera. Chimene chinabwera m'mutu mwake ndi masitepe a ku Kabwata, onse, kuyambira pansi, ndi khoma la m'bafa limene ankalidziwa mng'alu uliwonse. Sakanatha kulumbira kuti chithunzicho chinkati "musanditumize." Mwina mkuluyo ankangokumbukira tsiku limene anachoka. Koma sichinkapempha kubwerera, ndipo mwa anthu onse amene anajambulidwa, mmodzi yekha ndiye anali mbali imene kunali bambo ake. Anapumira m'mwamba, nagogoda pagalasi, nakodola Thandazani.

"Batsike," anatero Agness, Thandazani atakwera.

"Ba sisi, muli bwino? Katundu ili kale pansi pa basi. Tikiti..."

"Uza kondakita achotse. Ba tate sibayenda."

Anamuonetsa zenera, namuonetsa bolodi. Thandazani anayang'ana uku ndi uku, nati chithunzi munthu aliyense amachiona mmene afunira. Pamenepo ananena zoona, ndipo Agness sanamutsutse. Anthu a m'mipando yapafupi anali atayamba kusuzumira, wina nati chithunzicho n'chokongola, akuchigulitsa zingati.

A Tikambenji anakwera ndi buledi wawo m'manja napeza mkanganowo. Panalibe amene anali atawaonetsa chithunzicho, poti chinakulungidwa iwo ali kubafa. Anachiyandikiza kumaso mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza penti.

"Awa ndi amayi," anatero, akuloza mayi wotembenuka uja. "Sanafune kuona basi ikunyamuka." "Ana inu, ine ndinabwera chifukwa munandiitana. Koma kumudzi kulibe anyamata. Onse ali kuno, ena ndawaona panja apa akuitanira basi. Ndikanamusambitsa ndine."

Kondakitala anadandaula, anatukwana pang'ono, koma chikwama chinatuluka. Amuna awiri aja anatsitsa a Sakala monga anawakwezera. A Tikambenji anakhala pampando wa pazenera ndi buledi wawo, ndipo basi itanyamuka onse anakweza manja kuwaperekeza, a Sakala ndi dzanja lawo limodzilo.

Anakwera galimoto ya Thandazani. Pearl ankayang'ana foni. Atafika ku Kabwata, Thandazani anaima pansi pa fulati injini ikulira, ngati munthu amene akungotsitsa anthu.

"Zimya motoka," anatero Agness. "Ubapape ba tate. Ine msana wanga wasila."

Thandazani anawabereka. Anali asanawanyamulepo chiyambire matendawa, ndipo anadabwa kuti munthu woonda chotero angalemere motero. Pokhota masitepe anaima, akupuma mwawefuwefu, shati yake yoyera itamatirira kumsana. Agness anali kumbuyo ndi chikwama kudzanja ili, chithunzi kudzanja linalo, ndipo sanamuuze kuti ndi wolimba. Anangodikira kuti apitirize.

M'nyumba anateleka madzi. Atatentha anawathira m'beseni, nayesa ndi chigongono, natenga sopo ndi thaulo n'kumupatsa mlongo wake m'manja.

"Uyambile kumutu. Mwendo wa kumanja sibaumva, usaukoke. Pa Chibelu ubwelenso."

"Pa Chibelu nili na..."

"Ubwelenso."

Sanadziwe ngati adzabweradi Loweruka limenelo. Ankamudziwa mlongo wake, ndipo ankadziwa kuti matayala amatha kufika tsiku lililonse limene munthu akufuna kuti afike. Anatsamiritsa chithunzi pakhoma pamalo pake, nabweza malaya a bambo ake m'kabati limodzilimodzi. Kenako anakhala pa bedi osavula nsapato. Mabuku a ana a sukulu anali pa tebulo osachongedwa, ndipo mankhwala a masana anali akadali m'thumba la jekete.

Kubafa kunkamveka madzi, ndi mawu a Thandazani akufunsa ngati akuwapweteka, ngati madzi atentha, ngati atembenuke. Funso lililonse linkalandira yankho lomwe lija. Agness anamvetsera kufikira atatsimikiza kuti palibe wagwa, ndipo anadzuka kukatenga mankhwala aja.